Kuchokera ku Zomba kukaona nsomba za mbuna pa chilumba cha Thumbi

Ndinakulira kufupi ndi Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, komwe ukaviika dzanja m'madzi zala suzionanso. Nsomba ndinkaidziwa ili mu ukonde, pathandala kapena mumphika basi. Ndiye mlongo wanga atati tipite ku Cape Maclear tikaone nsomba zikusambira, ndinamuseka. Munthu kuwononga ndalama kukaonerera ndiwo? Zimenezo nza azungu. Koma anakakamira mpaka ndinagonja.

Tinasankha Okutobala dala. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, nyanja imawinduka, ndipo munthu wamantha ngati ine sangakwere boti. Mu Okutobala kumatentha kwabasi, koma m'mawa madzi amakhala bata, ofunda bwino.

Tinanyamuka pa depoti ya Zomba 6 koloko m'mawa. Minibasi inadutsa Domasi, Malosa, n'kutsetsereka ku Liwonde, tinawoloka Shire pa Kamuzu Barrage, kenako Ulongwe, nyanja ya Malombe ikuonekera kudzanja lamanja, mpaka pa Mangochi. Pamenepo tinasintha, n'kukwera ya ku Monkey Bay, yomwe inatidikiritsa mpaka idzadze. Musadzafike nayo m'tauni ya Monkey Bay. Muuzeni kondakitala akutsitseni pamphambano ya ku Cape Maclear. Apo pali anyamata a njinga zamoto, ndipo patsala makilomita pafupifupi 18 odutsa m'mapiri, anyani atakhala m'mbali mwa msewu ngati akudikira matola nawonso.

Dzina loti Cape Maclear analipereka ndi David Livingstone, koma mudzi weniweni ndi Chembe, wa asodzi, usipa uli yalu pamathandala. Tinapeza chipinda chotsika mtengo, ndipo madzulo omwewo tinayamba kukambirana za boti. Apa mpofunika kuchenjera. Anyamata amabwera ambiri, aliyense ndi mtengo wake. Mlongo wanga anafunsa chimodzichimodzi: kodi mtengowo ukuphatikiza magalasi oonera m'madzi ndi snorkel, kapaipi kopumira? Majekete oyandamitsa alipo angati? Nkhomaliro? Nanga ndalama yolowera kupaki alipira ndani? Tibwerera nthawi yanji? Mukapanda kumvana zimenezi pamtunda, mudzakanganirana pachilumba, pomwe simungathawe. Tengani chiphaso cha unzika, chifukwa Mmalawi amalipira zochepa polowa kupaki kusiyana ndi mlendo wakunja.

Chilumba cha Thumbi chimaoneka pafupi ukaima pagombe la Chembe, ndipo boti la injini silinatenge nthawi. Kulibe mudzi, kulibe wailesi, kulibe wokuitanira malonda. Mchenga ndi wochepa, ambiri ndi matanthwe akuluakulu ndi mitengo. Chilumbachi chili mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations, inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba. Mamita 100 kuchokera pamatanthwewo saloleza kuwedza. Nchifukwa chake nsomba za kumeneko sizithawa munthu.

Ine kusambira kwanga nkwa pamadzi ofika m'chiuno. Ndinavala jekete, chitenje n'kusiya pamwala, nditavala kabudula wamkati wautali. Mnyamata wa boti anandipatsa magalasi nati, "Amayi, lavulirani malovu m'katimo, mupake ndi chala, kenako mutsukuluze pang'ono." Ndinamuyang'ana ngati akundinyoza. Kani ndi njira yoti galasi lisachite nthunzi. Anandiuzanso kuti ndichotse tsitsi lonse pachipumi, chifukwa ngakhale tingapo tikapanikizika pamphira, madzi amalowera pomwepo. Lamba asathine kwambiri. Kapaipi kopumirako umakaluma pang'ono ndi mano, milomo n'kutseka mozungulira.

Vuto lili pamphuno. Galasi limaitsekera m'kati, ndiye uyenera kupuma ndi pakamwa pokha, koma thupi limakana. Nditangoviika nkhope, mtima unagunda, ndinadzutsa mutu mofulumira, kapaipi kanapendekeka n'kumwa madzi, nanenso ndinamwa. Ndinatsokomola mpaka misozi, mlongo wanga akuseka pamwala. Mnyamata uja sanaseke. "Imani pomwepo amayi, miyendo ili pansi. Ikani nkhope yokha. Pumani kakhumi, mukuwerenga." Ndinatero. Ukamva mpweya wako ukulira m'kapaipi, fuu, fuu, mantha amayamba kuchepa. Kenako anati madzi akalowa ndisadzuke, ndingouzira mwamphamvu kamodzi ngati ndikukoleza mbaula, atuluka okha. Chomaliza chinali kusiya miyendo iyandame, kugona chafufumimba, manja osapalasa.

Apo mpamene ndinaziona mbuna. Zabuluu wowala, zachikasu, zamizeremizere yakuda, zina zamawangamawanga, zazitali ngati chala kapena kuposera pang'ono. Zinali kalikiliki kudya ndere pamiyala, kukamwa kuli pamwala, mchira m'mwamba. Iliyonse yaimuna inali ndi kamalo kake, inzake ikayandikira n'kuithamangitsa, ndendende amayi a pamsika wa Zomba akamalimbirana pokhala. Imodzi inali ndi masaya otupa, osadya ngati zinzake. Pambuyo pake ndinauzidwa kuti ndi yaikazi, imasunga mazira ndi ana m'kamwa mpaka atakhwima. Mitundu ya mbuna ilipo mazana, yopezeka m'nyanja yathu yokhayi, ndipo dzinalo linachokera kwa Atonga. Zaka zonsezi ndikudya chambo, osadziwa kuti ali ndi abale ovala bwino chonchi.

Anthu ena amanyenya buledi m'madzi kuti nsomba ziunjikane pojambula. Ine sizinandisangalatse. Ukangokhala chete zimabwera zokha, mpaka ina inandijompha pabondo.

Nditatuluka ndinapeza nsima yapsa, ndiwo kampango wootcha amene anyamatawo anagula kwa asodzi ku Chembe. Tinadyera pamthunzi, kenako ndinagona pathanthwe lofunda, mng'azi ukuwothera dzuwa chapatali. Ndinadzuka msana ndi kumbuyo kwa miyendo kukuwotcha. Ukamayandama sumva kuti dzuwa likukupsereza, ndiye valani malaya ngakhale m'madzi.

Pobwerera mnyamata uja anaimba likhweru n'kuponya kansomba m'madzi. Nkhwazi inatsika kuchokera pamtengo, n'kukatola ndi zikhadabo osanyowetsa mapiko. Mbalame yomwe ndinkangoiona pachizindikiro cha boma inadutsa pafupi moti ndinamva mphepo yake.

M'mawa mwake tinakaona manda a amishoni a Livingstonia, omwe anafika kuno mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawasautsa. Tinagula usipa wa kunyumba, n'kuyamba ulendo wobwerera.

Chatsala ndi likodzo. Ife a ku Chilwa timalidziwa bwino, ndipo ku Chembe liliko, makamaka m'madzi osaya a pafupi ndi mudzi, komwe kumakhala nkhono. Silionekera msanga, choncho pamafunika kudikira masabata angapo musanakayezetse. Mankhwala ake ndi praziquantel. Tsiku lokayezetsa ndalilemba pakalendala ya kukhitchini. Mlongo wanga walemba pansi pake mtengo wa magalasi, ati tigule athuathu, a mnyamata uja ankandithina pamphuno.