Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Usiku wa magazi

Zikomo nonse amene munandilembera gawo lapita lija, makamaka inu mayi a ku Chinamwali amene mwana wanu nayenso ali ndi sickle cell, matenda obadwa nawo amene amapinda maselo ofiira a magazi ngati chikwakwa. Munafunsa za usiku umene mwana wanga wachisamba anathiridwa magazi. Nkhani imeneyi ndakhala ndikuizemba, koma lero ndinena.

Kunali kumapeto kwa Julaye, chiperoni chitaphimba phiri lonse la Zomba. Iye anali ndi zaka 6. Kuphwanya kwa miyendo ndi msana tinali titakuzolowera, koma tsiku limenelo anagwira pachifuwa. Thupi linali moto, akutsokomola, akupuma mwabefu. Kuchipatala atamujambula, adokotala anati ndi acute chest syndrome: maselo opindika ngati chikwakwa aja atseka timitsempha ta m'mapapo, ndiye mpweya sukulowa bwino m'magazi. Anamuika pa okosijeni, n'kumubaya maantibayotiki ndi mankhwala opha ululu. Magazi ake, amene masiku onse amakhala pa 8, anali atatsika kufika pa 5.

Apongozi anga aja anaimba foni kuti ndisalole, ati magazi a munthu wosamudziwa adzamusintha mtima mwanayo. Ine ndinalola. Inu amene mpaka lero mumati ndinanyoza akuluakulu, simunali nane pambali pa bedi lija, nthiti za mwana zikulowa m'kati akamakoka mpweya.

Magazi ambiri m'dziko muno amapereka ndi ana asukulu, ndipo sukulu zinali zitatseka. Tinadikira. Thumba linafika cha m'ma 2 koloko usiku. Anamwino anawerenga dzina ndi gulu la magazi kawiri, kenako anatsegula diripi. Maola pafupifupi 4 ndinangoti maso pa kachubu kaja, dzanja langa lili pachipumi pake. Milomo imene inali mbuu inayamba kufiira pang'onopang'ono. Kutacha anatsegula maso n'kuti, "Amayi, ndikufuna tiyi ndi mbatata." Ndinalira osaona manyazi.

Ndinapempha kuti amuwonjezere thumba lina. Adokotala anandikhazika pansi. "Mayi, sitifuna kuti apyole 10. Akachuluka kwambiri amalimba ngati phala, n'kutsekanso mitsempha yomweyo."

Tinatuluka patatha masiku 9. Zaka 3 zotsatira sitinagonenso m'wodi. Za hydroxyurea, mankhwala othandiza odwala sickle cell, ndi mmene bambo ake anachokera pakhomo, ndidzakuuzani gawo likubwerali.