Zikomo nonse amene munadikira nane

Lolemba lapitali mbandakucha, ndili chogwada pambali pa bedi, mawu a pemphero anandithera mkamwa, n'kubwera ena amene sindinawaphunzirepo. Sindinagwe, sindinakuwe. Misozi yokha ndiyo inkatsika, lilime likuyenda, kwa mphindi mwina khumi. Kenako ndinapukuta kumaso n'kukadzutsa ana kuti akonzekere sukulu. Zaka 4 ndakhala ndikupempha mphatso ya malilime, ndipo yafika chonchi, popanda wondiona. Ulemerero upite kwa Mulungu. Koma lero ndikufuna ndithokoze anthu, pakuti njirayi sindinayende ndekha.

Ndiyambe ndi kuulula. M'chaka chachiwiri, pamsonkhano wina wachitsitsimutso, ndinanamizira. Anatiitanira kutsogolo ife tonse "osalandira". Mlaliki wachilendo anandigwira pamutu n'kundiuza kuti ndizingobwereza timawu tiwiri titatu mothamanga mpaka lilime limasuke. Wa kumanja kwanga anali atagwa kale, wa kumanzere akulira mokweza. Ine manyazi. Ndinabwereza zimene anandiuzazo, anthu n'kuwomba m'manja, ena kundikumbatira. Usiku umenewo tulo sindinatione, podziwa kuti ndanamiza mpingo wonse. Panapita miyezi ndisakupondako ku mapemphero a pakati pa sabata.

N'chifukwa chake zikomo woyamba ndi wanu, abusa. Tsiku limene ndinabwera kudzakuuzani, ndinkayembekezera chidzudzulo. Inu munangotsegula 1 Akorinto 12 n'kundipatsa kuti ndiwerenge ndekha mafunso a Paulo a kumapeto aja: kodi onse ndi atumwi, kodi onse amalankhula malilime, kodi onse amamasulira? Munati Mzimu amagawa mmene wafunira mwini wake, ndipo chipulumutso changa sichinakolowekedwe pa lilime. Komabe simunandilole kusiya kupempha. Munanditengera pa Luka 11, pamene Yesu akunena kuti Atate amapereka Mzimu Woyera kwa omupempha, n'kundiuza kuti ndizipempha ngati mwana wa m'nyumba, osati ngati wolemba mayeso.

Ndi inu nomwe amene munandisimbira za William Seymour, mlaliki wa ku America. M'chaka cha 1906 anafika ku Los Angeles akulalikira za malilime, iye mwini asanalankhulepo, mpaka mpingo umene unamuitana unamutsekera chitseko. Anapitiriza mapemphero m'nyumba ya anthu mumsewu wa Bonnie Brae. Pa 9 Epulo anzake anayamba kulankhula malilime iye akungoyang'ana, ndipo zake zinabwera patatha masiku atatu. Patsogolo pake ndi pamene anasamukira ku Azusa Street, msewu wina wa mumzinda womwewo, kumene moto wa chipentekoste unafalikira m'maiko ambiri. Ndinaseka tsiku lija, kuseka kwanga koyamba pankhaniyi, poganiza kuti ngakhale mtsogoleri anapitiriridwa ndi nkhosa zake.

Amayi otsogolera gulu lathu la mapemphero, zikomo. Ena akamandisanjika manja ankandigwedeza ngati botolo la mankhwala. Inu munkangogwira phewa langa, kupemphera motsitsa, mukatha n'kundifunsa za ana. Simunandifunsepo n'kamodzi komwe kuti "zatheka?"

Bambo a kunyumba, inu munakulira mumpingo umene umaphunzitsa kuti malilime anatha ndi nthawi ya atumwi, ndipo mpaka lero simunasinthe maganizo. Tinakanganapo, sitibisa. Koma masiku amene ndinkasala kudya, ndinu munkasamala ana, ndipo ndikabwera m'mawa kuchokera ku mapemphero a usiku wonse ndinkapeza madzi osamba ali otentha. Lolemba lija nditakuuzani, munangokhala chete kanthawi n'kunena kuti mwakondwa chifukwa ine ndakondwa. Mawu amenewo ndawasunga.

Palinso amene munkandiuza kuti ndili ndi tchimo lobisika, kapena kuti chikhulupiriro changa n'chopereŵera. Ndinakhululuka kale. Ndikungopempha kuti musadzanenenso zimenezo kwa wina. Ine zinandipangitsa kulapa machimo amene sindinachite n'komwe, ndipo ndi zimene zinandikankhira ku bodza lija.

Musayembekezere kuti Lamulungu mudzandimva ndikufuula malilime m'kachisi. Paulo, amene ankalankhula malilime kuposa Akorinto onse, anati mumpingo ndi bwino alankhule mawu 5 omveka kusiyana ndi 10,000 a m'malilime. Anatinso olankhula asapitirire awiri kapena atatu, mosinthana, ndipo pakasowa womasulira munthu azilankhula yekha ndi Mulungu. Ine womasulira ndilibe, choncho zanga zizithera kuchipinda, ndipo ana a Sande Sukulu ndiziwaphunzitsabe m'mawu amene amamva.

Mchemwali amene takhala tikuima limodzi kutsogolo zaka zonsezi, mukudzidziwa. Sindikupatsani timawu tobwereza. Lachisanu ndibwera msanga, mundisungire malo pafupi nanu.