Claim yanga inakanidwa chifukwa cha code ya chilungulira

Abale anga amene muli pa medical aid kuno ku Joni, musanatuluke kwa dokotala yang'anitsitsani invoice yanu ngati pali ICD-10 code, nambala yosonyeza matenda amene akupezani nawo. Ine ndaluza masiku awiri a ntchito chifukwa cha timanambala timeneti ndipo mtima sunatsikebe.

Vuto langa ndi chilungulira, chija chimawotcha pachifuwa ukangogona, timadzi towawasa kukwera kukhosi mpaka kudzuka usiku ukutsokomola. Ndinkati ndi zilonda za m'mimba koma adokotala anati ayi, ndi asidi wa m'mimba akubwerera kummero chifukwa kamnofu kamene kamatseka pamwamba pa chifu sikakugwira bwino. Ananditumiza kwa specialist kukachita gastroscopy, kakamera kaja amalowetsa pakamwa, ndiye anapeza kummero kwatupa, asidi wakuwotcha.

Ndinalipira kashi, kutumiza mapepala, patapita sabata SMS yabwera kuti claim yakanidwa. Ndaimba foni airtime kutha ndikungomvera nyimbo, kenako akundiuza kuti pepala limodzi lilibe code ndipo linalo code yake sikugwirizana ndi ya specialist. Ma code amenewa ndi a WHO, matenda aliwonse ali ndi yake, ndipo ku South Africa kuno kuyambira 2005 claim imayenera kukhala nayo. Pa pepala la adokotala anga oyamba aja analemba R12, imeneyo imangotanthauza kutentha pachifuwa basi, pomwe specialist analemba K21.0, reflux, kubwerera kwa asidi kuja, yotupitsa kummero. Ikakhala yosatupitsa ndi K21.9.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi ku reception kwa adokotala aja. Ndakwera ma taxi awiri, ndakhala pabenchi kuyambira 8 koloko, mayi wa pa reception akundiuza cha m'ma 11 kuti code sangasinthe yekha mpaka adokotala asaine, ndipo lero sabwera. Bwanji osandiuza pafoni dzulo lake? Ndinabwereranso Lachinayi, kukonzako sikunathe ndi mphindi zisanu zomwe, tsiku lonse bwana atandidula kale.

Ndayiwala kunena, gastroscopy isanachitike imbani kaye ku medical aid mutenge authorisation number, nambala ya chilolezo chawo, ndipo pamenepo amafunsanso code yomweyi, ndiye muifunsiretu kwa adokotala muilembe penapake. Ku pharmacy nakonso onani slip, code ikhale yomweyo pa mapepala onse. Onani musanatuluke, ndikubwerezanso.

Mankhwala anandipatsa omeprazole 20mg, kumwa mmamawa kutatsala theka la ola kuti ndidye, kwa masabata 8. Nsima ya usiku ndimadya kutatsala maola atatu kuti ndigone, tsabola ndi khofi ndachepetsa, kumutu kwa bedi ndaika njerwa ziwiri. Anandichenjeza kuti chakudya chikayamba kukakamira pakhosi, kapena kusanza magazi, ndithamangire kuchipatala osadikira. Panopa ndikugona bwino, koma ndalama yanga akuti ndidikirebe, pepala latsopano lija angolilandira Lolemba.