Lachinayi limene tinaononga sipika pamaso pa kasitomala

Patapita miyezi yambiri tikungopanga mabokosi a masipika a m'matchalitchi ndi a paukwati, sabata ino ndinali ndi ntchito imene mtima wanga unkailakalaka: masipika awiri opanda bokosi, aja timawatcha open baffle, a bambo wina wopuma pantchito amene amakonda kumvetsera kwaya pabalaza pake. Lolemba ndi Lachiwiri tinadula plywood ya mamilimita 18, tinamata zigawo ziwiri ndi guluu kuti thabwa lisamanjenjemere, ndipo tinaboola mabowo a mainchesi 15 magetsi atabwera madzulo.

Mu pulani imene ndinapereka mwezi watha ndinalemba momveka kuti tikufuna sipika ya mainchesi 15 yotchedwa Eminence Alpha 15A, chifukwa Qts yake (nambala yosonyeza mmene pepala la sipika limanjenjemerera momasuka pa mawu apansi) ndi yokwera, 1.26, ndipo imatha kuchirikiza besi payokha popanda bokosi. Lachitatu m'mawa bwana anatsitsa m'galimoto makatoni awiri a masipika a mainchesi 12, okhala ndi maginito aakulu ngati mbale ya nsima, ndipo papepala lake panalembedwa Qts ya 0.35. Anati ndalama zakunja zoitanitsira katundu zavuta, ndipo awa anawapeza pafupi. Kuti ndalama zakunja zikusowa ndikudziwa ndipo sindikutsutsa. Chimene chinandipweteka n'chakuti anagula osandifunsa ngakhale palamya.

Ndinawauza mwaulemu kuti, "Bwana, masipika awa ndi abwino, koma malo ake ndi m'bokosi." Iwo anayankha kuti, "Achimwene, sipika ndi sipika, besi mukwezera pa DSP." DSP ndi kakompyuta kosinthira mawu asanafike ku sipika. Ndinayesa kuwafotokozera kuti pa thabwa lopanda bokosi mphepo imene sipika ikukankha kutsogolo imazungulira m'mbali n'kukadzaza malo amene yasiya kumbuyo, motero mawu apansi amadyana okha. Funde la mawu apansi a 40 Hz (kunjenjemera ka 40 pa sekondi) ndi lalitali kupitirira mamita 8, ndipo thabwa la theka la mita silingalitchinge. Besi imatsika ndi 6 dB (dB ndi muyezo wa kukula kwa mawu) nthawi iliyonse frequency, kuchuluka kwa kunjenjemera pa sekondi, ikagwa ndi theka, ndipo kuti mawu akhalebe pamlingo umodzi pepala la sipika liyenera kuyenda mtunda wochuluka ka 8, pamene m'bokosi lotseka limayenda ka 4 kokha. N'chifukwa chake katswiri wopanga masipika Siegfried Linkwitz anaika masipika a besi awiri oyenda mtunda wautali mbali iliyonse ya masipika ake opanda bokosi otchedwa Orion ndi LX521. Ife tinali kuchepetsa pepala kuchoka pa masikweya sentimita pafupifupi 850 kufika pa 530, n'kumayembekezera kuti kompyuta ibwezere chimene chasowa.

Popeza tsiku lopereka katundu linali litayandikira, ndinadula mphete zamatabwa zochepetsera mabowo n'kumangirira masipikawo. Lachinayi m'mawa ndinawaimika mita imodzi kuchokera kukhoma, ndinayeza mawu ndi pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa REW ndi maikolofoni yoyezera ya UMIK-1, ndipo ndinasunga makonzedwe awiri mu DSP yathu yotchedwa miniDSP. Oyamba anali oyezera basi, okweza besi kwambiri koma pa voliyumu yotsika. Achiwiri anali omvetsera, amene ndinaikamo fyuluta yodula zonse za pansi pa 60 Hz kuti pepala lisapyole malire ake. Mawu a anthu oimba ankamveka bwino kwambiri, otambasuka ngati kwaya yaima m'chipindamo, ndipo munthu akaima pambali penipeni pa thabwa mawu ankachepa monga mmene ziyenera kukhalira. Besi yokha ndiyo inali yowonda.

Masana ndinatuluka kukagula mabawuti. Ndili komweko bwana anabwera ndi kasitomala, ndipo ataona kuti mdalayo akufunsa za besi, analamula mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito kuti asinthe n'kuika makonzedwe ena aja. Mnyamatayo anati, "Bwana, amisiri anati awa ndi oyezera okha," koma anauzidwa kuti asaphunzitse akuluakulu. Anaika nyimbo ya limba la m'tchalitchi n'kukweza voliyumu. Pamene ndinkalowa pakhomo ndinamva kugogoda kouma katatu, ngati munthu akumenya chitseko ndi ndodo, ndipo ndinadziwa kuti koyilo ya waya imene imayendetsa pepala la sipika yagunda pansi pa maginito. Nditazimitsa ampulifaya ndinakankha pepala la kumanzere pang'onopang'ono ndi zala zinayi, ndipo linali kukhula mkati ngati muli mchenga. Kasitomala sanakalipe, anangovala chipewa chake n'kunena kuti, "Ana anga, mukakonzeka mudzandiitana."

Chimene chandikwiyitsa kufikira lero chinachitika mdalayo atachoka. Bwana anatembenukira kwa mnyamata uja n'kumuuza kuti mtengo wa sipikayo udulidwa pa malipiro ake, poti dzanja lake ndilo linakhudza kompyuta. Mwana amene amabwera wapansi m'mamawa uliwonse, amene anachenjeza ndipo anakalipiridwa chifukwa chochenjeza, ndiye akusenzetsedwa mlandu wa katundu amene sanagule ndi lamulo limene sanapereke. Ndinawauza pamaso pa onse kuti ngati pali wodulidwa ndalama ayambe ndi ine amene ndinasiya makonzedwe oyezera m'makinawo, koma mnyamatayo asamukhudze. Sanandiyankhe.

Lachisanu ndinatha tsiku ndikupala ndi kupaka vanishi mabokosi anayi a tchalitchi, ntchito imene manja amaichita okha. Madzulo ndinalemba kalata yopempha zinthu ziwiri: kuti aitanitse masipika amene ali mu pulani ngakhale kasitomala adikire masabata ena, ndiponso kuti chigamulo cha malipiro a mnyamata chichotsedwe. Loweruka ndinachotsa masipika a mainchesi 12 ndi mphete zake, ndipo matabwa awiri aja ndawafunditsa nsalu pakona kuti fumbi lisalowe m'vanishi. Kalatayo ikadali pa tebulo la bwana, ndipo malipiro atuluka Lachisanu likudzali.