Mmene ndinaperekera magazi pa kafukufuku wa DNA kuno ku Nkhotakota

Uthenga unabwera ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, osati ndi eni kafukufukuwo. Anati pali gulu limene likufuna anthu amene anadwalapo kaodzera n'kuchira, pamodzi ndi ena okhala m'mphepete mwa nkhalango amene sanadwalepo. Cholinga chinali kuona ngati pali china chotengera kwa makolo, cholembedwa mu DNA (malangizo a chibadwa amene ali m'thupi la munthu), chimene chimachititsa kuti tizilombo tofalitsidwa ndi kashembe tigwetse wina msanga pomwe mnzake akulimba. Ine ndinadwalapo, mpaka ananditenga madzi a pamsana, choncho nkhaniyi sinali yachilendo kwa ine. Koma ndinayamba ndafunsa kuti dzina langa analidziwa bwanji. Mlangiziyo anati anthuwo sanalidziwe ayi: a chipatala ndiwo ali ndi kaundula, ndipo dzina limaperekedwa pokhapokha mwini wake atavomera kukumana nawo.

Kenako kunali msonkhano kwa amfumu. Nkhani ya anamapopa, ija inavuta ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017, sinachedwe kutuluka, ndipo anthu anafunsa mosabisa kuti magaziwo akukagulitsidwa kuti. Amfumu analola kuti gululo ligwire ntchito m'mudzi. Apa ambiri amasokoneza. Chilolezo cha amfumu n'cholowera m'mudzi basi, si cha mkono wa munthu. Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 19, amanena kuti palibe munthu woyenera kuchitidwa kafukufuku wa zachipatala kapena wa sayansi popanda iye mwini kuvomera.

Tsiku lokumana nawo anandipatsa fomu ya chilolezo ya m'Chichewa, makope awiri ofanana. Chinthu choyamba kuyang'ana ndi chidindo cha komiti yovomereza kafukufuku, ndi deti lake. Kuno kwathu makomiti odziwika ndi NHSRC, ya ku Unduna wa Zaumoyo ku Lilongwe, ndi COMREC ya ku Blantyre. Kumapeto kwa fomu kumakhalanso nambala ya foni ya komitiyo, kuti ngati uli ndi dandaulo usakalipereke kwa omwewo amene ukuwadandaula.

Namwino anawerenga nane mzere ndi mzere. Atafika pa mawu akuti "dzina lanu silidzalembedwa pa botolo", anandionetsa kapepala komata kokhala ndi nambala ndi timizere takuda. Buku lolumikiza nambalayo ndi dzina langa, anati, limakhomeredwa mu kabati ya mkulu wa kafukufuku.

"Amayi," ndinatero, "dzina mwachotsa. Nanga DNA-yo singandiulule yokha?"

Sanazembe. "Zoona aphunzitsi, ya munthu aliyense ndi yakeyake. Tingachepetse chiopsezo, koma sindingakulonjezeni kuti palibiretu."

Yankho limenelo ndilo linandikhazika mtima pansi kuposa malonjezo onse a pa fomu. Ndinali nditawerengapo za ku California, kumene mu 2018 apolisi anagwira munthu woganiziridwa kupha anthu zaka zambiri m'mbuyomo. Iyeyo sanaike DNA yake pa intaneti. Anamupeza kudzera mwa achibale akutali amene anaika yawo pa tsamba la GEDmatch pofufuza mbiri ya mtundu wawo. Ndiye kuti popereka magazi anga ndikupereka ndi mbali ya ana anga, ya mlongo wanga, ngakhale ya malume amene sanaitanidwe n'komwe. N'chifukwa chake sindinasaine tsiku limenelo. Ndinapempha kupita nayo fomu kunyumba, ndipo analola popanda kukwinya nkhope.

Mlongo wanga funso lake linali limodzi: kodi akapeza kuti mwana wina si wa bambo amene akumulera, adzanena? Ndinakafunsa. Anati zimenezo sakuzifufuza, ndipo ngakhale zitaonekera mwangozi sauza aliyense. Kumudzi funso limeneli n'lalikulu kuposa mmene anthu a m'maofesi amaganizira, chifukwa banja lingathe kupasuka ndi mpukutu wa pepala.

Pamene ndinathera nthawi yambiri ndi pa tsamba la timabokosi. Chilolezo sichinali chimodzi. Bokosi lililonse limafuna kuti uchonge "inde" kapena "ayi" pa lokha.

La kafukufuku wa kaodzera ndinavomera msanga. La kutumiza magazi kunja ndinavomeranso, atandifotokozera kuti makina owerenga DNA ya anthu ambiri pakamodzi ndi ochepa kuno, ndiponso kuti botolo silingadutse malire popanda pangano lolembedwa limene amalitcha Material Transfer Agreement, lovomerezedwa ndi komiti, lonena kumene likupita ndi ntchito yake. La kusunga magazi otsala kuti adzagwire ntchito ina m'tsogolo ndinakana. Anthu a mtundu wa Havasupai ku Arizona, m'dziko la America, anapereka magazi cha m'ma 1990 akudziwa kuti ndi a kafukufuku wa matenda a shuga. Pambuyo pake anamva kuti anagwiritsidwanso ntchito pofufuza matenda a maganizo ndi kumene makolo awo anachokera, zinthu zotsutsana ndi mbiri imene iwo amakhulupirira. Anakasuma, ndipo mlandu unatha mu 2010, Arizona State University italipira madola 700,000 ndi kubweza magaziwo. Sindikunena kuti amene anabwera kwathuwa angachite zotero. Kungoti ntchito imene sinatchulidwe dzina sindingaivomereze lero. Akaifuna adzabwere adzandifunse.

Bokosi lovuta linali la kuika zotsatira za DNA mu nkhokwe ya pa kompyuta kuti asayansi ena azizipempha. Magazi amatha kapena kutayidwa, koma zolembedwa zimakopedwa mopanda malire. Komabe ndinamva mbali inayo. Kafukufuku wambiri wa DNA pa dziko lapansi wachitika pa azungu, ndipo ntchito ngati H3Africa, yofufuza DNA ya anthu a mu Africa, inayambika kuti zimenezi zisinthe. Anandipatsa chitsanzo cha APOL1, kachigawo kena ka DNA kotengera kwa makolo: mtundu wina wa chibadwa chimenechi umateteza ku kaodzera wa kuno kum'mawa kwa Africa, koma munthu akatengera mitundu yoteroyo kwa makolo onse awiri chiopsezo cha matenda a impso chimakwera. Zoterezi sizingadziwike ife tikabisa zonse. Ndinachonga "inde", nditatsimikiza kuti nkhokweyo si yotsegukira aliyense, ndiponso kuti dzina la mudzi wathu silidzalembedwamo. Mudzi waung'ono, zaka za munthu ndi matenda amene anadwala n'zokwanira kuti wodziwa dera akuloze chala.

Zotsatira zanga ndekha anati sadzandipatsa, chifukwa si zoyeza za kuchipatala zoti dokotala angaperekere mankhwala. Analonjeza kudzafotokoza pa msonkhano zimene apeza kwa gulu lonse.

Za kutuluka ndinafunsa mwadala. Ukhoza kusiya nthawi iliyonse osapereka chifukwa, ndipo magazi otsala amawonongedwa. Koma zimene zagawidwa kale kwa asayansi ena kapena zasindikizidwa sizingabwezedwe, ndipo fomu inanena zimenezi poyera. Palinso lamulo loteteza uthenga wa munthu, Data Protection Act, la mu 2024, limene oliyang'anira ake ndi a MACRA.

Amene sadziwa kulemba amadinda chala, pali mboni imene si ya gulu la kafukufuku. Ine ndinasaina makope onse awiri, imodzi n'kutenga. Kutenga magaziko kunali kwa mphindi zochepa: lamba pamkono, thonje lozizira, timabotolo tiwiri, n'kundibwezera ya transipoti. Mnzanga wina amene tinapita limodzi anamvetsera zonse mpaka kumapeto n'kukana. Ya transipoti anamupatsabe, ndipo mankhwala ake a BP akulandirabe pa chipatala chomwecho monga kale.