Mmene ndinasankhira koleji ya kanema ndi zithunzi yogwirizana ndi thumba lakwathu

M'Malawi muno, wofuna uphunzitsi kapena unamwino amadziwa khomo logogoda. Wofuna kuphunzira kujambula kanema ndi zithunzi amayamba wazungulira kaye, chifukwa maphunziro amenewa nthawi zambiri amabisala mkati mwa ena: utolankhani, zisudzo, kapena zofalitsa nkhani. Ine ndinalowa m'chisakasaka chimenechi ndili ndi MSCE, foni yomwe ndinkajambulira kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndi lonjezo la amalume anga loti andilipirira fizi ya sukulu imodzi basi.

Ndinayambira ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede m'dziko muno. Bungweli limatulutsa mndandanda wa makoleji ovomerezeka, ndipo apa pali chinthu chomwe ambiri amachidumpha. Koleji ikhoza kukhala yolembetsedwa, koma maphunziro enieni omwe ukufunawo asanavomerezedwe. Choncho sindinkangofufuza dzina la sukulu, ndinkafufuzanso dzina la dipuloma kapena digiri yake. Nkhaniyi imakhudzanso ndalama, poti bungwe lobwereketsa ngongole kwa ophunzira, HESLGB, limayang'ana masukulu ovomerezeka. Maphunziro a luso la manja amayang'aniridwa ndi TEVETA, ndiye ngati koleji yanena kuti satifiketi yake ndi ya kumeneko, funsani kumeneko. Masukulu ena omwe ndinawaona pa Facebook, okhala ndi zithunzi zokongola za achinyamata atanyamula makamera, anagwa pa sefa yoyamba yomweyi. Sindinatayenso nthawi kuwaimbira foni.

Masukulu aboma ndinawaganizira msanga, chifukwa fizi yake ndi yopepukirako. Ku University of Malawi ku Zomba kuli maphunziro a zisudzo, zaluso ndi zofalitsa nkhani, ndipo ku MUBAS ku Blantyre, komwe kale tinkati Polytechnic isanaime payokha mu 2021, kuli digiri ya utolankhani. Kulowa kwake kumafuna makirediti 6 pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, koma kukhala nawo sikutanthauza kuti wapeza malo, popeza opikisana ndi ambiri. Mapointi anga sanandifikitse. Ndinaonanso za Malawi Institute of Journalism, yomwe ili ndi wailesi yakeyake ndipo yaphunzitsa atolankhani ambiri. Kwa munthu wofuna kukhala mtolankhani wa pa kanema, njira zimenezi n'zabwino kwambiri. Ine mtima wanga unali pa nthano zojambulidwa ndi pa zithunzi, ndiye paliponse ndinkafunsa kuti pa maphunziro onsewo, ndi angati omwe amakhudza kamera yeniyeni.

Kenako maso anathamangira ku Joni, monga amachitira aliyense. Dzina lomwe limamveka koyamba ndi AFDA, sukulu ya mafilimu yomwe inayamba mu 1994 ndipo ili ndi nthambi ku Johannesburg, Cape Town ndi Durban. Ndi sukulu yoyima payokha, fizi yake ndi ya marandi, ndipo nditaisintha kukhala makwacha ndinangotseka foni. Mayunivesite aboma monga Wits ndi Tshwane University of Technology amaphunzitsanso za mafilimu, ndipo apa pali mwayi womwe anthu ambiri saudziwa: pangano la mayiko a SADC la zamaphunziro, lomwe linasainidwa ku Blantyre komwe kuno mu 1997, limati wophunzira wochokera m'dziko la SADC azilipira fizi ngati mwana wa m'dzikomo. Zimenezi zimathandiza ndithu, ngakhale pamakhalabe kandalama kena kapamwamba ka ophunzira akunja. Vuto linali pa mapepala. MSCE yokha siilowetsa munthu digiri kumeneko, pamafunika A-level kapena maphunziro ena owonjezera, komanso mapepala akunja amayenera kuunikidwa kaye. Pamwamba pake pali viza ya sukulu, yomwe imafuna inshuwalansi ya zaumoyo ya konko, kalata ya kupolisi ndi umboni woti ndalama zodzisamalira zilipo.

Sukulu yomwe inandigwira mtima kwenikweni ndi Market Photo Workshop ya ku Newtown mu Johannesburg. Inakhazikitsidwa mu 1989 ndi katswiri wojambula zithunzi David Goldblatt pofuna kutsegulira khomo achinyamata omwe tsankho linkawatsekera kunja, ndipo wojambula zithunzi wotchuka Zanele Muholi ndi mmodzi mwa omwe anadutsamo. Ili ndi maphunziro oyambira a milungu yochepa ndi ena otalikirapo, ndipo mpaka lero ndimaona kuti wokonda zithunzi yemwe ali ndi m'bale womusunga ku Johannesburg ayenera kuiganizira. Ine ndinalibe wondisunga.

Ndinakhala pansi ndi amalume, pepala ndi cholembera zili patebulo. Tinalemba fizi, lendi, chakudya, basi yopita ndi kubwera, viza ndi inshuwalansi. Inali nthawi yomwe kwacha inali itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kupeza ndalama zakunja kubanki kunali kwa mizere ndi kudikira. Amalume anayang'ana pepalalo kwa kanthawi n'kunena kuti, "Mphwanga, chaka choyamba tikhoza kukakamira. Nanga kwacha ikagwanso uli m'chaka chachiwiri, ndidzakubweza ndi chiyani? Fodya wako ndi uyo ali pamphuno." Ndinati, "Ndamva, amalume." Zinandipweteka, koma masamu awo anali oona. Fizi yolipira m'marandi kapena m'madola imakwera yokha usiku uli mtulo, sukulu isanakweze kalikonse, ndipo wosiyira sukulu panjira amataya zonse, ndalama ndi pepala lomwe.

Panalinso MultiChoice Talent Factory, ndondomeko yophunzitsa za mafilimu ya kampani ya DStv, yomwe inayamba mu 2018 ndi masukulu ku Lusaka, Nairobi ndi Lagos. Ya ku Lusaka ndi yomwe imalandira a kuno kummwera kwa Africa, Amalawi ali momwemo. Nthawi imeneyo maphunziro ake anali a miyezi 12, olipiriridwa zonse, koma malo anali 20 okha pa mayiko onsewo, ndipo ankafuna anthu omwe aphunzirapo kale kapena ali ndi ntchito yooneka. Ndinaiika pambali ngati cholinga cha m'tsogolo, osati poyambira.

Choncho ndinabwerera ku makoleji oyima paokha a kuno kwathu omwe anadutsa sefa ya NCHE, ndipo apa ndi pomwe panali ntchito yeniyeni. Ndinaganiza zosakhulupirira kapepala kotsatsira malonda kapena mawu a pafoni. Ndinkapita ndekha, tsiku la maphunziro, osati tsiku lomwe sukulu yakonzekera alendo, n'kupempha chinthu chimodzi: "Bambo, mungandionetseko kosungira zipangizo?"

Pa koleji ina ya ku Lilongwe anandizungulitsa kaye m'makalasi, n'kundionetsa mipando yatsopano ndi laibulale. Nditaumirira, anakatenga makiyi n'kutsegula kabati. Munali kamera imodzi, lenzi yake itachita nkhungu mkati, ndi tripod yothyoka mwendo yomangidwa ndi mphira. Maikolofoni munalibe. Nditafunsa kuti kalasi imakhala ndi anthu angati, anati imadzaza. Wophunzira wina yemwe ndinakumana naye pageti anandiuza motsitsa mawu kuti kamera imatuluka nthawi ya mayeso yokha, ndipo ambiri amamaliza teremu atangoigwira pamene aphunzitsi akuionetsa kutsogolo. Fizi ya pamenepo inali yotsika kuposa kwina konse, koma kwa ine inali yodula, chifukwa ukanalipira kuti uuzidwe za kamera, osati kuti uigwire. Kuphunzira kujambula pabolodi kuli ngati kuphunzira kupalasa njinga pomvetsera nkhani.

Pa koleji ina ya ku Blantyre nyumba zinali zakale, penti itasuluka, ndipo poyamba mtima unandigwa. Koma m'chipinda cha zipangizo ndinapezamo mayi wina woyang'anira, ndipo patebulo pawo panali buku lalikulu lachikuto cholimba, m'mbali mwake mutada ndi zala. Ndinati, "Mayi, ndingalionko bukuli?" Anandipatsa osakayika. Tsamba lililonse linali ndi dzina, chaka cha wophunzira, chomwe watenga, nthawi yotengera ndi yobwezera. Ndinaona kuti a chaka choyamba nawonso amasaina, ena Loweruka lomwe. Makamera sanali atsopano, matumba ake anali okhulika, koma mabatire anali pa chaja ndipo panali boom (ndodo yaitali yonyamulira maikolofoni), rekoda ya mawu ndi magetsi owunikira. Buku limenelo linandiuza zambiri kuposa zonse zomwe ndinamva muofesi. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense kuti apemphe kuona buku lobwerekera zipangizo. Ngati kulibe, kapena lili loyera ngati logulidwa dzulo, dziwani kuti zipangizozo sizituluka.

M'chipinda cha makompyuta ndinafunsa kuti munthu amakhala pa kompyuta maola angati pa sabata, komanso chimachitika n'chiyani magetsi akazima. Funso lachiwirili musaliiwale. Editing, yomwe ndi ntchito yodula ndi kulumikiza zojambulidwa pa kompyuta, imadya nthawi yambiri kuposa kujambula kwenikweniko, ndipo sukulu yopanda jenereta kapena sola imataya masiku athunthu. Ndinafunsanso pulogalamu yomwe amagwiritsa ntchito. Adobe Premiere ndi yolipira mwezi ndi mwezi m'ndalama zakunja, pamene DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere womwe ungapitirize kuugwiritsa ntchito ukamaliza sukulu, bola kompyuta yako ikhale yamphamvu.

Chotsatira ndinapempha kuonera ntchito za omwe akumaliza. Sukulu yodzidalira imazionetsa mosavuta. Poonera ndinkatseka maso kwa kanthawi n'kumangomvetsera. Chithunzi chokongola masiku ano ngakhale foni imatulutsa, koma mawu ndi omwe amaulula ngati munthu waphunzitsidwa. Ngati olankhula akumvekera kutali, mphepo ikuwomba m'maikolofoni, nyimbo ikukwirira zokambirana, ndiye kuti za mawu sizikuphunzitsidwa. Pa zithunzi ndinkayang'ana ngati wojambula amadziwa kuunikira nkhope ya munthu wakuda kuti ioneke bwino masana dzuwa lili paliwombo, chifukwa ntchito zathu zambiri zimakhala panja, pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa misonkhano ya kumudzi.

Za aphunzitsi ndinafunsa funso lomwe ena analiona ngati lamwano, ngakhale ndinalifunsa mwaulemu: kodi iwo ajambulapo chiyani posachedwapa? Ndimalemekeza madigiri, koma ntchito iyi imafuna munthu woti akadali m'bwalo. Shemu Joyah, yemwe mafilimu ake anatengera dzina la Malawi kunja, ntchito yomwe anaphunzira ndi yoyeza malo. Mphunzitsi yemwe akujambulabe ndi amene amakutenga kukanyamula tripod pa ntchito yake, n'kukudziwitsa kwa anzake. Ndinafufuzanso omwe anamaliza pasukulupo kudzera m'magulu a WhatsApp a ojambula, ndipo ndinkawafunsa ali okha, kutali ndi ofesi. Amene anaphunzira ku Blantyre kuja anadandaula za kuchepa kwa malenzi komanso kuchedwa kwa zotsatira za mayeso, koma palibe yemwe anati sanagwire kamera.

Ndisanavomere ndinalemba ndalama zomwe sizioneka pa kapepala ka fizi: yolembetsera, ya mayeso, memory card, hard drive yosungira ntchito, bandulo ya intaneti, minibasi, ndi chakudya cha anzako omwe akukuthandiza pojambula filimu yako yomaliza. Ndinafunsa mwachindunji kuti ndalama za filimu imeneyo amalipira ndani, ndiponso kamera ikawonongeka ili m'manja mwanga zimakhala bwanji. Kugula kamera yangayanga ndinakusiya kaye. Ndinaona kuti ndalama yochepa yomwe inalipo ipite ku laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito ndi mahedifoni abwino, popeza kamera ndikanabwereka kusukulu, koma maola a editing usiku sakanabwerekeka.

Ndinasankha dipuloma ya ku Blantyre kuja, osati digiri, kuti ndimalize msanga ndi kuyamba kusonkhanitsa ntchito zoti ndidzaonetse pofunsira malo ku Lusaka kapena kwina. Ndinapempha kuti fizi ndizilipira m'zigawo, ndipo ndinaumirira kuti mgwirizanowo ulembedwe pa pepala la sukulu, osati kungogwirizana pakamwa. Ndalama ndinakaika ndekha ku akaunti ya banki ya dzina la sukulu, osati pa nambala ya foni ya munthu, ndipo risiti ndinaijambula n'kuisunga pawiri. Masiku a Loweruka ndinapeza ganyu kwa wojambula maukwati wina wa ku Ndirande, yonyamula magetsi ndi kusintha mabatire. Ndalama yake imakwanira minibasi ndi bandulo ya mwezi, ndipo akatopa madzulo nthawi ya perekaniperekani amandisiyira kamera yachiwiri.