Kujambula kanema poyerekeza kamenyedwe ka mpira ka wophunzira ndi ka katswiri

Phazi likamenya mpira mwamphamvu, limakhudzana nawo kwa nthawi yosakwana kuphethira kwa diso, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Ndiye mphunzitsi akamauza mwana kuti "menya mwamphamvu", amakhala akungoganizira, chifukwa chimene chalakwika sanachione. Foni ikhoza kuchionetsa, bola kujambulako kuchitike mwadongosolo.

Yambani ndi liwiro la kamera. Kanema wamba amatenga zithunzi 30 pa sekondi, kutanthauza kuti pakati pa chithunzi ndi chinzake pamadutsa mamilisekondi 33. Nthawi zambiri mphindi yokhudza mpira imagwera pakati pamenepo n'kusowa. Ikani foni pa slow motion (kanema woyenda pang'onopang'ono), zithunzi 120 kapena 240 pa sekondi. Pa 240 mudzaona phazi lili pa mpira m'zithunzi ziwiri kapena zitatu. Liwiro lotere limafuna kuwala kwambiri, choncho jambulani panja, dzuwa lili kumsana kwa wojambula. Mukajambula madzulo kuli chisisira, phazi limangooneka ngati utsi.

Malo oika foni ndi amene amasokoneza ambiri. Iikeni pambali penipeni pa wosewera, mbali ya mwendo womenyera, pa msinkhu wa chiuno, mamita 5 mpaka 8 kuchokera pa mpira. Isagwiridwe m'manja, ikhazikeni pa mpando kapena pa njerwa zosanjikiza. Ikapendeka pang'ono kupita kutsogolo kapena kumbuyo, bondo lopindika kwambiri limaoneka ngati lapindika pang'ono, ndipo mudzamunamizira munthu cholakwa chimene alibe. Matani tizidutswa ta tepi yoyera pa chiuno, pa bondo, pa kakolo ndi pa nsonga ya nsapato. Gonekani ndodo ya mita imodzi pamzere womwewo pamene pali mpira, osati pafupi ndi kamera, kuti muyeso usaname. Onse awiri, wophunzira ndi katswiri, amenye mpira umodzimodzi, mtunda wofanana, kakhumi aliyense. Kumenya kamodzi sikutiuza kanthu: wophunzira nthawi zina amachita mwayi, katswiri nayenso amaphonya.

Poonera, ikani makanema awiriwo pambali ndi pambali. Pulogalamu yaulere ya Kinovea imachita zimenezi pa kompyuta, ndipo imayezanso madigiri a kupindika kwa bondo. Agwirizanitseni pa chithunzi chimene phazi loimira lafika pansi, kenako yendani chithunzi chimodzi chimodzi.

Apa ndi pamene pali phunziro lenileni. Katswiri amaponda sitepe yomaliza yaitali, phazi loimira n'kugwa pambali pa mpira, zala zikuloza kumene mpira ukupita. Mwendo womenyera umatsalira kumbuyo, bondo litapindika kwambiri, chidendene chitayandikira thako. Kenako ntchafu ndiyo imayamba kubwera kutsogolo, msongolo ukutsalirabe. Ntchafu ikayamba kuchepetsa liwiro, m'pamene msongolo umakwapula ngati mkwapulo wa ng'ombe, ndipo phazi limafika pa liwiro lake lalikulu pafupi penipeni ndi mpira. Kakolo amakhala wolimba, zala zitaloza pansi, mpira n'kumenyedwa ndi pamwamba pa phazi pamene pamakhala zingwe za nsapato. Mkono wa mbali inayo umatambasuka kuti thupi lisapendeke.

Wophunzira kumene amasuntha mwendo wonse ngati mtengo umodzi. Bondo silipindika mokwanira, ntchafu ndi msongolo zimanyamukira pamodzi. Phazi loimira limagwa kumbuyo kwa mpira, motero thupi limagonera chagada ndipo mpira umakwera kudutsa pamwamba pa golo. Kakolo wofewa amameza mphamvu imene ikanalowa mu mpira. Katswiri wa ku Russia wa kayendedwe ka thupi, Nikolai Bernstein, anafotokoza chifukwa chake: thupi lili ndi mfundo zambiri zoti ziwongoleredwe nthawi imodzi, ndiye wophunzira amalimbitsa zina kuti ntchito ichepe, n'kumazimasula pang'onopang'ono akamazolowera. Kuuma kumeneku si ulesi kapena kusamva. Ndi poyambira pa aliyense, ndipo kumukalipira mwana chifukwa cha iko n'kumulakwira.

Onaninso makanema khumi a munthu mmodzi motsatizana. Phazi loimira la katswiri limagwa pafupifupi malo amodzimodzi nthawi zonse. La wophunzira limagwa pena pafupi, pena patali, pena kutsogolo. Kuyeza mtunda umenewo m'masentimita n'kosavuta, ndipo pakatha masabata anayi a kuyeserera mukhoza kujambulanso n'kuona ngati kumwazikako kwachepa.

Pomuonetsa wophunzira, musamukhuthulire zonse. Akatswiri a ku America a za kaganizidwe ka munthu, Paul Fitts ndi Michael Posner, mu 1967, analongosola kuti pa gawo loyamba la kuphunzira luso munthu amaganizira chilichonse chimene akuchita, choncho mutu wake umakhala wodzaza kale. Sankhani chinthu chimodzi, makamaka poponda phazi loimira, chifukwa likakhala bwino thupi limasiya kugonera kumbuyo lokha. Muonetseni zithunzi ziwiri zoimitsidwa, chake ndi cha katswiri, mufunse kuti waona kusiyana kotani, kenako abwerere ku mpira nthawi yomweyo. Ngati katswiriyo ndi wamkulu wamiyendo yaitali ndipo wophunzirayo ndi mwana wa zaka 10, musayerekeze utali wa sitepe. Yerekezani dongosolo la ntchafu kuyamba, msongolo kutsatira.